Musanamizire nthoci, mlandu uli m'mbale yonse

Mwezi watha kunabwera abambo ena m'cipinda canga copimiramo odwala. Ndi munthu wa zaka zopitirira pang'ono 30, woyendetsa minibasi, ndipo anabwera kudzapimitsa BP cifukwa mutu unali kuwawawa madzulo alionse. Titatha kupima anandiuza mokondwa kuti anayamba kupita ku jimu kuti acepetse mimba. Ndinawayamika. Kenaka anati, "Adokotala, ngakhale zipatso ndinaleka. Otiphunzitsa anati nthoci ndi nsima siziyendera pamodzi. Akuti ukadya cipatso pambuyo pa nsima ciola m'mimba, ndipo shuga wake asanduka mafuta."

Ndinawafunsa zimene anadya dzulo lake. M'mawa anamwa tiyi wa masupuni 3 a shuga ndi zitumbuwa 4. Masana pa siteshoni anadya mitanda 3 ya nsima ndi soseji yokazinga, natsitsira botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi. Madzulo nsima inanso kunyumba. Cipatso ai, ngakhale cimodzi. Pabwalo pa nyumba yao pali mtengo wa magwafa, koma ana anauzidwa kuti asamathyole akangotha kudya, kuopa kuti cakudya cingawaolere m'mimba.

Awerengi anzanga, abambo awa sali okha. Ciphunzitso cimeneci cafalikira m'makomboni mwathu kudzera pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndipo ndacimva kwa azimai ofuna kubweza thupi atabereka, kwa anyamata onyamula zitsulo, ngakhale kwa aphunzitsi a sukulu. Ine maganizo anga ndi awa: kudya cipatso pamodzi ndi nsima, mpunga, buledi kapena kandolo sikunenepetsa munthu kuposa kucidya pacokha. Cimene cinenepetsa ndico kuculuka kwa zonse zimene talowetsa m'thupi pa tsiku. Munthu amene wataya nthoci n'kusunga saladi ndi shuga wagwira wosalakwa, wakuba wamusiya m'nyumba.

Kodi ciphunzitsoci cinacokera kuti?

Nkhani yosiyanitsa zakudya si ya makolo athu, ndiponso si yatsopano. Inachuka ku America m'zaka za m'ma 1920 ndi dokotala wina dzina lake William Howard Hay, amene anaphunzitsa kuti zakudya zopatsa mphamvu zisadyedwe pamodzi ndi zomanga thupi kapena ndi zipatso zowawasa. Mu 1985 Harvey ndi Marilyn Diamond anatulutsa buku lochedwa Fit for Life, limene linalimbikitsa anthu kudya zipatso pazokha, m'mimba muli mopanda kanthu. Bukuli linagulidwa kwambiri, ndipo maganizo ake ndiwo afika kwa ife lero, atadutsa pakamwa pa anthu ambiri.

Koma ciphunzitso ciyenera kuyesedwa. Mu 2000 madokotala a pa cipatala ca yunivesite ku Geneva, m'dziko la Switzerland, anafalitsa zotsatira za kafukufuku wao. Anatenga anthu onenepa kwambiri 54 nawagawa m'magulu awiri kwa milungu 6. Gulu lina linadya mitundu ya zakudya mosiyanitsa nthawi, lina linadya zosakaniza monga tidyera tonse, koma mphamvu ya cakudya ca pa tsiku inali yofanana m'magulu onsewo. Pamapeto pake onse anaonda mofanana. Cinawaondetsa ndi kucepa kwa cakudya, osati ndondomeko yakuti ici ciyambe, ico citsatire.

Zimene zicitika m'mimba

Pamene tinali kuphunzira za thupi la munthu ku Chainama, cinthu cimodzi cimene cinatidabwitsa ndi ukali wa madzi a m'cifu. Cifu citulutsa asidi wamphamvu amene apha tizilombo tambiri tobwera ndi cakudya. Kuti cinthu ciole pafunika tizilombo tocuruka ndi nthawi yaitali. M'cifu mulibe zonse ziwirizi, pakuti cakudya cikhalamo maola ocepa cabe, kawirikawiri 2 mpaka 4, kenaka cipita m'matumbo.

Ndiponso cifu si mzere wa pa cigayo kumene wofika mocedwa adikira kumbuyo. Cifu citakasa zonse pamodzi monga mai atakasira phala. Nsima, ndiwo ndi mango zisakanikirana, ndipo zituluka pang'onopang'ono kupita m'matumbo aang'ono. Kumeneko kapamba athira madzi ake ogaya sitachi, mafuta ndi zomanga thupi pa nthawi imodzi, ndipo ciwindi cithirako ndulu. Thupi linapangidwira cakudya cosakaniza. Nyemba ili ndi sitachi ndi zomanga thupi m'kanjere kamodzi. Nsawawa zili ndi mafuta, zomanga thupi ndi sitachi pang'ono. Mkaka wa m'mawere, umene ndi cakudya coyamba ca munthu aliyense, uli ndi shuga, mafuta ndi zomanga thupi. Ndani angazilekanitse?

Ena ati, "Nanga mpweya umene ndimva ndikadya zipatso?" Mpweyawo upangidwa kutsogolo, m'matumbo aakulu. Kumeneko kukhala tizilombo tabwino timene tidya zotsala zosagayika, zonga ulusi wa m'mango kapena nkhambi za lalanje, zimene a zaumoyo acha faiba. Izi zicitika kaya cipatso mwadya m'mamawa pacokha, kaya pambuyo pa nsima. Si kuola ai, ndi nchito ya matumbo athanzi.

Tiwerengere pamodzi

Nsima, mpunga, buledi, cinangwa ndi kandolo zili ndi sitachi. Sitachi ikagayika isanduka shuga amene alowa m'magazi. Zipatso zili ndi shuga wacibadwa, ndipo nayenso alowa m'magazi, wina atayamba wadzera ku ciwindi. Thupi ligwiritsa nchito shugayu poyenda, poganiza ndi pogwira nchito. Wina lisunga m'minofu ndi m'ciwindi kuti ligwiritse nchito pambuyo pake. Likapitiriza kulandira zocuruka kuposa zimene ligwiritsa nchito, tsiku ndi tsiku, m'pamene mafuta aunjikana pamimba ndi m'ciuno. Thupi silifunsa kuti shuga uyu anabwera pa ola liti.

Mphamvu ya cakudya timaiyeza m'makalori. Galamu imodzi ya sitachi kapena ya shuga ipatsa makalori 4, pamene galamu imodzi ya mafuta ipatsa makalori 9. Tsono taonani izi. Nthoci imodzi ya msinkhu wapakati ili ndi makalori pafupifupi 100. Lalanje limodzi lili ndi pafupifupi 60. Ufa wa cimanga wolemera magalamu 100, umene ambiri a ife tiupitirira pa cakudya cimodzi, uli ndi pafupifupi 360. Supuni imodzi yaikulu ya saladi ili ndi pafupifupi 120. Botolo la zakumwa zotsekemera la mamililita 300 lili ndi shuga wokwana masupuni aang'ono pafupifupi 8.

Mwaona? Supuni imodzi ya saladi iposa nthoci yathunthu. Ndi masupuni angati amene alowa mu mphika wa repu, m'nkhuku yokazinga, m'machipisi a pa kantemba? Abambo aja anaopa makalori 100 a nthoci, koma zitumbuwa 4 zotuluka m'mafuta sanaziope.

Cifukwa cina cimene cipatso cisiyanira ndi zakumwa za m'botolo ndi cakuti cipatso cibwera ndi madzi ake ndi faiba yake. Cifuna kusenda, kutafuna, ndipo cidzaza mimba. Munthu amene wayamba wadya lalanje asanakhale pa mbale kawirikawiri akhuta msanga. Zakumwa za m'botolo zingodutsa pakhosi, njala ikhalabe pomwepo.

Pamene otsutsa anena zoona

Sindifuna kuti wina acoke pano n'kukanena kuti adokotala alola kudya zipatso mopanda malire. Pali mfundo imodzi imene ophunzitsa a ku jimu anena zoona: cipatso naco ndi cakudya copatsa mphamvu, ndipo ciwerengedwa. Ngati mwadya mitanda yanu yonse ya masiku onse, kenaka mwakhala pansi pa mtengo ndi beseni ya mango 10, mwadya kawiri. Nyengo ya mango timaona odwala shuga ambiri akubwera shuga wao atakwera, ndipo tikawafunsa avomera okha kuti beseni inatha.

Cotero lamulo langa kwa wofuna kucepetsa thupi ndi ili: cipatso cilowe m'malo mwa cina, cisamangoonjezedwa pamwamba. Ngati mudya mitanda 3, idyani 2, ndiwo zamasamba zicuruke, mutsirize ndi gwafa kapena cidutswa ca papaya. Ngati masana mumwa zoziziritsa kukhosi, imwani madzi ndipo ndalamayo mugule malalanje. Ngati m'mawa mudya zitumbuwa, yesani phala la mgaiwa lothira nsinjiro, n'kuduliramo nthoci m'malo mwa shuga. Apa nthoci ndi cimanga zakumana m'mbale imodzi, ndipo thupi lapindula.

Cina coyenera kusamala naco ndi madzi a zipatso. Kuti kapu imodzi idzale pafunika kufinya malalanje 2 kapena 3, nkhambi n'kutaya. Munthu amwa m'kamphindi shuga amene akanamudya pang'onopang'ono. N'cifukwa cake bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, m'malangizo ake a mu 2015, linaika madzi a zipatso ndi uci m'gulu limodzi ndi shuga wothira m'tiyi, nanena kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu pafupifupi 50 pa tsiku, amene ndi masupuni aang'ono 12. Shuga wa m'cipatso cathunthu sanamuike m'gulu limeneli. Majusi osungunula ndi madzi amene tigulira ana, ambiri a iwo ndi shuga ndi utoto, cipatso cili pa cithunzi cabe.

Phindu la kudya pamodzi

Tsopano ndinene cimene cindipweteka mtima kwambiri. Kudya cipatso pa nthawi ya cakudya sikuti kungokhala kosavulaza, koma kuli ndi phindu limene mabanja athu alisowa.

M'makiliniki a amai apakati ndi a ana timaona kucepa kwa magazi tsiku lililonse. Magazi apangidwa ndi ayironi, ndipo m'nyumba zambiri nyama sioneka kawirikawiri, motero ayironi acokera ku nyemba, khobwe, cibwabwa, bonongwe ndi kalembula. Ayironi wa m'zomera salowa msanga m'thupi. Vitamini C ndiye amuthandiza kulowa, koma ayenera kukumana naye m'mimba pa cakudya cimodzimodzi. Gwafa, lalanje, ndimu, papaya, masau ndi malambe zili ndi vitamini ameneyu. Gwafa, amene ana athu aponderezera pansi pabwalo, aposa lalanje pafupifupi kanai tikayeza mulingo wofanana. Tiyi acita zosiyana: aletsa ayironi kulowa bwino. Tsono mai amene wauzidwa kuti adikire maola awiri asanadye gwafa, koma amwa tiyi atangotha kudya nyemba, wasokeretsedwa kawiri.

Mango ndi papaya zakupsa zili ndi zimene thupi lisandutsa vitamini A, wothandiza maso ndi kuteteza ana ku matenda. Vuto la kusowa vitamini ameneyu linali lalikulu kotero kuti mu 1998 dziko lathu linayamba kumuthira m'shuga wogulitsa. Vitaminiyu alowa bwino m'thupi pakakhala mafuta pang'ono, monga a m'ndiwo zotendera. Apanso cipatso ciyenerana ndi nsima ndi ndiwo zake.

Ndipo tisaiwale kuti vuto lathu si kudya zipatso mopitirira. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unacita pamodzi ndi WHO mu 2017 anapeza kuti akulu 9 mwa 10 alionse m'Zambia sanali kudya zipatso ndi ndiwo zamasamba zokwanira, ndipo pafupifupi mmodzi mwa 4 alionse anali wonenepa kupitirira muyezo. WHO ilangiza magalamu osacepera 400 a zipatso ndi zamasamba pa tsiku. Malangizo a kadyedwe a dziko lathu, amene anatuluka mu 2021, atilimbikitsa kudya zipatso tsiku lililonse, za mitundu yosiyana. Anthu amene sadya zipatso ndiwo anenepa. Nanga zipatso zalakwa ciani?

Kwa inu a masewera olimbitsa thupi

Anyamata ndi atsikana amene muthamanga m'mamawa, kukwera phiri la Kanjala kapena kunyamula zitsulo, mverani. Minofu yanu igwira nchito ndi shuga wosungidwa, ndipo mukatha masewera ifuna kubwezeredwa. Nthoci ndi kagawo ka buledi, kapena kandolo wowiritsa ndi lalanje, ola limodzi musanayambe kapena mutatha, ndi cakudya cabwino ndi cochipa. Onjezani dzira, kapenta, nyemba kapena mkaka kuti minofu imangike. Ngati mimba yodzala ikuvutitsani pothamanga, cepetsani mulingo kapena idyani msanga. Vuto pamenepo ndi kukhuta, osati kusakaniza.

Kwa munthu amene acita masewera mphindi 30 kapena ola limodzi kuti acepetse thupi, nthawi yodyera cipatso ndi nkhani yaing'ono. Zazikulu ndi izi: kodi mukwanitsa mphindi zosacepera 150 pa mlungu monga alangizira a WHO? Kodi mitanda yacepa? Kodi mowa wa Loweruka suononga zimene mwagwirira nchito mlungu wonse? Musathamangire mankhwala a ufa ndi matiyi oondetsa ogulitsidwa pa foni, pamene pa msika wa Kapata nthoci zili mbwee.

Ena ayenera kufunsa coyamba

Safunsa anadya phula. Pali anthu amene ayenera kukambirana ndi a ku cipatala asanasinthe kadyedwe kao.

Oyamba ndi odwala shuga. Zipatso sizoletsedwa kwa inu, koma muziwerenge pamodzi ndi nsima. Idyani cipatso cathunthu ca ukulu wa nkhonya yanu, cimodzi pa nthawi, osati zambiri pamodzi, ndipo madzi a zipatso muwasiye. Mukadya cipatso pa cakudya, cepetsani mtanda. Ngati mubaya insulini kapena mumwa mapiritsi otsitsa shuga, musadumphe cakudya pofuna kuonda, pakuti shuga angatsike kwambiri n'kukugwetsani. Kunjenjemera, thukuta ndi cizungulire ndizo zizindikiro zake.

Aciwiri ndi odwala impso. Nthoci, malalanje ndi kotapela zili ndi mcere wochedwa potaziyamu, umene impso zofooka zilephera kuucotsa bwino. Inu tsatirani zimene anakuuzani okusamalirani.

Acitatu ndi amene avutika ndi cilungulira. Ngati cinanazi kapena lalanje likuotchani pacifuwa, makamaka usiku, sankhani papaya kapena nthoci, ndipo musagone mutangotha kudya. Koma ngati kupweteka kwa m'mimba kupitirira, kapena muonda popanda kufuna, bwerani tikupimeni. Musadzipatse nokha dzina la matenda.

Idyani za pa nyengo yake

Ena adzati zipatso n'zodula. Maapozi ndi mphesa za m'masitolo aakulu n'zoduladi, koma thupi silisankha cipatso ca m'pepala lonyezimira. Dzinja likamayandikira kubwera masuku ndi mango. Mvula ikamapita kumapeto magwafa apsa. Nyengo yozizira ndi ya malalanje ndi manachesi, ndipo masau ocokera ku cigwa ca Luangwa adzaza misika. M'cilimwe muli malambe. Nthoci ndi papaya zipezeka pafupifupi caka conse. Gulani cimene cacuruka mwezi umenewo, pakuti ndico cochipa. Amene muli ndi kamalo kumbuyo kwa nyumba, bzalani papaya. Asanathe caka kapena kupitirirako pang'ono ayamba kubereka.

Cenjezo limodzi lokha: tsukani zipatso ndi madzi aukhondo, ndipo sambani m'manja ndi sopo musanasende. Tonse tikumbukira kolera ya 2023 mpaka 2024, pamene bwalo la National Heroes ku Lusaka linasanduka cipatala. Nyengo ya mango ndiyo nyengo ya mvula ndi nchenche. Mwana akatsegula m'mimba atadya mango otola pansi, colakwa ndi dothi ndi manja osasamba, osati nsima imene anadya poyamba.

Abambo a minibasi aja ndinawauza kuti abwerenso pakatha mwezi kuti tipimenso BP ndi sikelo. Tinagwirizana zinthu zinai: shuga wa m'tiyi atsike kufika supuni imodzi, botolo la masana lilowedwe m'malo ndi madzi ndi nthoci, mtanda wacitatu usiyidwe m'mbale, ndipo mcere ucepe. Ku jimu apitirize. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Pamene anali kutuluka ndinawakumbutsa cinthu cimodzi cimene sicifuna ndalama: kuti akafika kunyumba akauze ana kuti mtengo wa magwafa watsegulidwa, ndipo angathe kuthyola ngakhale atangosamba m'manja kucokera pa nsima.